Mjigo suphunziridwa pa bolodi

Abale anga a m'malire muno, sabata yathayi ndinakumana ndi mnyamata wina wa kwathu pa msika wa Ulónguè atanyamula chikwama chatsopano, chipewa chatsopano ndi buku lochindikala ngati la kutchalitchi. Nditam'funsa kumene ankachokera, anati ku foromasau ya masiku atatu ya za madzi ndi ukhondo. Ndinam'funsanso kuti, "Tsono mphwanga, lero Lachinayi ukutha kuchita chiyani chimene sunkatha Lolemba?" Mnyamata uja anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, kenaka n'kundiuza kuti nkhuku inali yambiri ndipo ndalama yoyendera apereka yonse. Ndinaseka, koma kuseka kwake kunali kwa manyazi, pakuti inenso ndinaphunzitsapo anthu mwa njira yomweyo, ndipo mudzi wina unamwa madzi a m'dambo milungu isanu chifukwa cha uphunzitsi wangawo.

Nkhani yake inayamba chonchi. Nkhondo itatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, tinayamba kubwerera kwathu. Ku Malawi kokha tinaliko anthu opitirira miliyoni imodzi, ndipo ife a ku Angónia ndi ku Tsangano ambiri tinkakhala m'midzi ya abale athu ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pofika kuno m'zaka za 1993 ndi 1994 tinapeza mabwinja, minda itasanduka tchire, zitsime zitakwiririka. Mabungwe osiyanasiyana anayamba kukumba mijigo, ndipo bungwe lina linandilemba ntchito yophunzitsa anthu a m'midzi kusamala ndi kukonza mijigoyo. Anandisankha chifukwa ndinagwirapo choko nkhondo isanafike kwathu, ndiponso Chipwitikizi ndinkachiyankhula mosakhumudwa. Iwo ankaganiza kuti zimenezi n'zokwanira. Inenso ndinkaganiza choncho.

Mjigo umene tonse tikuudziwawu, wa chigwiriro chachitali chokhala ndi kamtanda kumapeto, dzina lake ndi Afridev. Ambiri sadziwa kuti ndi mnansi wathu. Unayambira ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 pa dzina loti Maldev, anauyesa m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu, kungotsika phiri kuchokera kwathu kuno, ndipo pambuyo pake anakaumalizitsa ku Kenya. Amene anaupanga ankafuna chinthu chimodzi, chakuti eni mudzi azitha kuukonza okha osadikira galimoto yochokera kuboma. N'chifukwa chake ndodo zake zachitsulo, zotalika pafupifupi mamita 3 iliyonse, zimangokolekana popanda kumanga ndi sipanala. N'chifukwa chakenso pisitoni ndi valuvu ya pansi zimatulukira m'kati mwa paipi, osachita kuzula mapaipiwo ayi. Sipanala imodzi ndi kambedza kowedzera valuvu, basi zida zakwana, pamene mjigowo umatha kukoka madzi kuchokera pansi mamita 45. Tsono onani zodabwitsa: chinthu chimene anachipangira manja a munthu wa m'mudzi, ine ndinachitenga n'kukachiika pa bolodi.

Tinaitana anthu awiriawiri pa mudzi uliwonse kuti abwere kuboma masiku asanu. Lamulo lathu linali lakuti akhale odziwa kulemba ndi kuwerenga, motero anabwera amuna okhaokha, ambiri mwa iwo achibale a mafumu. Tinawakhazika pa mabenchi a ana a sukulu, mawondo ali m'mwamba. Aliyense tinam'patsa kope, cholembera ndi kabuku ka Chipwitikizi ka zithunzi zojambulidwa ndi akatswiri. Ine ndinkalemba pa bolodi kuti vareta, casquilho, sola, válvula de pé, iwo n'kumabwereza pambuyo panga onse pamodzi. Abambo aimvi, ena oti anabereka anzanga, ankakweza chala kuti apemphe kupita kuseri. Ndinawafotokozera za mitundu ya miyala ya pansi pa nthaka, za mmene madzi amayendera kuchoka m'mitambo kufika m'chitsime, ndi zina zambiri zimene ineyo ndinkakondwa nazo kuti ndikuzidziwa. Lachinayi masana tinabweretsa mutu wa mjigo watsopano n'kuuika pa tebulo. Ndinaumasula ndine, ndinaumanganso ndine, iwo ali chiimire kuonerera ngati gule. Pa masiku asanu onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anagwira sipanala. Lachisanu analemba mayeso, onse anakhoza, tinawapatsa zikalata zodinda bwino, tinaombera m'manja, ndipo lipoti langa linayamikiridwa ndi akuluakulu.

Patapita miyezi inayi, m'nyengo yotentha ya Okutobala, ndinadutsa pa mudzi umodzi mwa midzi ija pa njinga yamoto. Pa mjigo panali zii, mbuzi zitagona pa simenti. Amayi ndinakumana nawo akuchokera kudambo ndi madzi otuwa ngati thobwa. Ana awiri anali atawatengera kuchipatala chifukwa chotsegula m'mimba. Mwa anthu awiri amene ndinawaphunzitsa, mmodzi anali atapita kukagwira ntchito ya fodya ku Kasungu. Winayo ndinam'peza, ndipo anandilandira mwaulemu. Chikalata chija chinali pakhoma m'pepala la pulasitiki. Kabuku kaja kanali katatha theka, anapichira fodya, ndipo sindingam'dzudzule, pepala lake linali labwino. Sipanala inali pansi pa bedi, yokulungidwa m'chiguduli, yonyezimira ngati tsiku limene tinaipereka.

Nditam'funsa chifukwa chake sanatsegule mjigo, anandiyankha motsitsa mawu. "Aphunzitsi, maina onse aja ndikuwakumbukira, mukafuna ndikutchulirani. Koma ndikati nditsegule, chitsulo n'kundipulumuka kugwera pansi, mudzi uno ndikhalamo ine? Ameneyu ndi katundu wa boma."

Ndinavula malaya, tinatsegula mjigo uja anthu atatu. Ola silinakwane. Vuto linali kamphira ka pa pisitoni kamene kanali katatha, kanthu kotsika mtengo kuposa nkhuku, ndipo kena katsopano kanali momwemo m'thumba limene tinawasiyira. Milungu isanu ya madzi a m'dambo chifukwa cha kamphira kolowa m'dzanja la mwana.

Madzi atayamba kutuluka, amayi ena achikulire amene anakhala chapatali nthawi yonseyi anasendera pafupi. Anati, "Mwana wanga, ndifunseko. Kodi iwe khasu unaphunzira kuligwira pa bolodi?" Ndinati iyayi amayi. "Nanga bwanji mjigo?" Kenaka anandiuza kuti iwo anadziwa kalekale kuti mphira ikutha, pakuti ndowa imene inkadzala asanamalize kupatsana moni ndi anzawo inayamba kudzala mikono itawawa. Ali ku Ntcheu anaonapo mjigo wotere ukutsegulidwa kangapo, ndipo tsiku lina anathandizako kugwira ndodo. Koma kuforomasau sitinawaitane chifukwa sadziwa kulemba dzina lawo. Ndinabwerera kuboma usiku umenewo mawu aja akundilira m'mutu kuposa njinga.

Chaka chotsatira ndinapempha kuti andilole kuyesa mwa njira ina, ndipo anandilola, kwenikweni chifukwa njira yangayo inali yosadya ndalama zambiri. Ndisanalembe chilichonse ndinadzifunsa funso limene ndinayenera kuyamba nalo poyamba paja: kodi ine ndikachoka, munthuyu azichita chiyani ndi manja ake? Yankho linali lalifupi. Adziwe kuti mjigo wadwala usanafe. Autsegule, asinthe mphira ndi mabushi, autsekenso madzi n'kutuluka. Ndipo adziwe pamene ayenera kusiya n'kuitana mmisiri, monga paipi ikang'ambika pansi. Zonse zimene sizinkathandiza zimenezi ndinazitaya, pamodzi ndi miyala yanga ija ya pansi pa nthaka. Zinandipweteka ndithu, pakuti mphunzitsi amakonda zimene akudziwa monga mmene mayi amakondera mwana wake.

Sukulu yathu inakhala pa mjigo pomwepo, mjigo wawo womwe, wa dzimbiri lake ndi makhalidwe ake. M'mawa woyamba sindinkaphunzitsa kanthu, ndinkangofunsa. Kodi mjigowu umalira bwanji ukakhala bwino? Unayamba liti kugwedera? Ndani amayamba kutunga m'mamawa? Munthu wamkulu safika pa maphunziro ali chimanjamanja. Wina anakonzapo njinga zaka makumi awiri ndipo akudziwa kale kuti bushi ikatha chitsulo chimadya chinzake. Wina anapopapo mpira ndipo akudziwa ntchito ya valuvu. Ukayamba ndi zimenezo, umangoika denga pa nyumba yomangamanga. Ukazinyoza, munthuyo amakhala chete mwaulemu, amavomera zonse, ndipo mumtima amakhala atapita kale kumunda.

Kenaka tinkayala mphasa. Chilichonse chotuluka mu mjigo chinkagona pa mphasapo motsatana, choyamba kutuluka kumutu, chomaliza kumiyendo, kuti pobwezera angoyambira kumiyendo. Ndodo tinkazisanjika pa mitengo kuti zisakhudze dothi, chifukwa zikubwerera m'madzi akumwa. Maina ndinawasiyira eni ake. Vareta inakhala ndodo basi, sola inakhala mphira, ndipo valuvu ya pansi mudzi wina anaitcha mlonda poti ndiyo imaletsa madzi kuthawa usiku. Dzina limene munthu wapereka yekha saliiwala.

Aliyense ankatsegula ndi kutseka mjigo katatu. Koyamba ndinkagwira naye limodzi. Kachiwiri ndinkangoyankhula. Kachitatu ndinkakakhala pansi pa mtengo manja ali m'thumba, ndipo ndikuuzeni abale, pa ntchito yonse ya uphunzitsi palibe chovuta kuposa chimenechi. Ukuona mayi akuika mphira chadodolido, milomo yake kuloza pansi m'malo moloza kumwamba, lilime likukuyabwa, koma ukhale chete. Amange, apope, madzi abwere pang'ono, adabwe, atsegulenso, apeze yekha. Ameneyo sadzalakwitsanso mpaka kufa. Tsiku lomaliza ndinkawatuma onse kukamwa thobwa, ine n'kuwononga kanthu mwadala, kaya kuchotsa bobini, kaya kubwezeramo mphira yakutha. Pobwera ndinkangoti, "Mjigo wanu wadwala, ine ndine mlendo." Mayeso athu anali amenewo.

Pali chinthu china chimene mabuku sanandiuze, ndicho manyazi. Mwana akalakwa anzake n'kumuseka, mawa waiwala. Bambo wa ana asanu ndi mmodzi akasekedwa pamaso pa akazi a m'mudzi, mawa sabwera, ndipo adzanena kuti kunagwa maliro kuchibale. Choncho tsiku loyamba ndinkayamba ndine kufotokoza za mudzi uja wa milungu isanu, kuti adziwe kuti wolakwa wamkulu pa bwaloli ndi mphunzitsi. Ndinaphunziranso kuyang'ana bwino poika anthu awiriawiri. Tsiku lina ndinauza mnyamata wina kuti akoke ndodo pamodzi ndi amayi ena, onse awiri n'kungoima chilili, maso kumbali. Anthu akuseka chamumtima. Anali mkamwini ndi apongozi ake. Mlendo amene sadziwa zimenezi angalembe mu lipoti kuti anthu a kuno ndi aulesi.

Za kuyeza mjigo tinazisandutsa zinthu zoti munthu aziona ndi maso. Akatswiri amati upope mpaka madzi atuluke, usiye mphindi 30, ndipo ukabwerera madzi ayenera kutuluka usanapitirire kupopa kasanu. Akachedwa ndiye kuti pansi pakudontha. Wotchi panalibe, tsono mphindi 30 zinakhala nthawi yophika nsima. Amatinso kupopa kokwanira ka 40 kuyenera kupereka malita oposa 15. Ife tinatenga ndowa ya malita 20, tinakanda mzere ndi msomali pamene madziwo ayenera kufika, ndowa n'kukhala ya komiti. Madzi akalephera kufika pa mzere, mphira yayamba kutha. Tinamanganso pa chingwe mphira yatsopano pambali pa yakutha, bushi yatsopano pambali pa yakutha. Achikulire ambiri maso anayamba kuchita chidima ndipo magalasi alibe, koma chala sichinama. Chingwe chimenecho chinaphunzitsa anthu ambiri kuposa kabuku kathu kaja.

Pepala sindinalitaye konse, koma linatsala limodzi, lolimba, la mbali ziwiri. Ndisanalisindikize ndinayenda nalo m'midzi itatu kufunsa anthu kuti, "Mukuonapo chiyani apa?" osawauza kanthu. Apa mpamene ndinadziwira kuti chithunzi nachonso ndi chiyankhulo chochita kuphunzira. Chithunzi cha akatswiri choonetsa m'kati mwa paipi, wina anati ndi nsungwi yong'aluka, wina anati njoka yomeza khoswe. Timivi tosonyeza kumene madzi akupita anati ndi mivi yeniyeni. Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti wojambula wathu anajambula dzanja lokha litagwira sipanala, lopanda mwini wake. Agogo ena analiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Dzanjali anam'dula ndani?" Anthu amene angochoka m'nkhondo saona dzanja loduka ngati mmene amalionera munthu wa mu ofesi. Tinajambulanso zonse: munthu wathunthu, mayi wa chitenje, ataima pa mjigo wonga wawo, chithunzi chimodzi ntchito imodzi. Mawu anali ochepa, a zilembo zikuluzikulu, m'Chichewa. Dzina la Chipwitikizi tinaliika pansi pake mwa timalemba tating'ono, chifukwa wogulitsa m'sitolo amadziwa limenelo, ndipo ukaoloka malire umva akuti pulanja ndi futuvavu. Komabe malangizo anga anali akuti popita kukagula, tengani chakuthacho m'thumba mukachiike pa tebulo.

Nkhani ya chiyankhuloyi ndi yakale m'dziko lathu. Pamene tinkalandira ufulu mu 1975, anthu pafupifupi 93 pa 100 alionse sankadziwa kuwerenga. Mu 1978 boma linayambitsa kampeni yaikulu yophunzitsa akuluakulu, ndipo ine ndili mnyamata ndinaphunzitsako nawo. Mtima unalipo, koma zonse zinali m'Chipwitikizi, motero mayi wa ku Dómuè ankalimbana ndi akatundu awiri nthawi imodzi, zilembo ndi chiyankhulo chachilendo. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'ziyankhulo zawo, Chinyanja kuno ku Tete ndi Chichangana ku Gaza, pamene ine pa nthawi yomweyo ndinali kalikiliki kulemba válvula de pé pa bolodi. Pambuyo pake ndinadzamva za Paulo Freire wa ku Brasil, amene mu 1963 pa tauni ya Angicos anaphunzitsa anthu akuluakulu pafupifupi 300 kuwerenga m'maola 40. Iye ndi anzake ankayamba ayenda pakati pa anthu kumvetsera mawu amene anthuwo amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo maphunziro ankawamanga pa mawu amenewo. Nditamva ndinati, amayi aja a pa mjigo akanakumana ndi bambo ameneyu akanamvana msanga.

Za nthawi ndi za osankhidwa ndinene mwachidule. Maphunziro a mu Disembala ndi Januwale, anthu ali pa kupalira, ndi kutaya ndalama. Tsiku la msika n'chimodzimodzi. Ife tinkayamba m'mawa, dzuwa likafika pamutu tabalalika, masiku atatu. Lamulo lodziwa kulemba tinalisiyira mlembi ndi msungichuma okha, makamaka poti ndondomeko ya madzi ya dziko lino ya 1995 inaika udindo wosamala mijigo m'manja mwa eni midzi, ndipo zopereka zinafunika kulembedwa. Okonza mjigo tinkafuna anayi pa mudzi, ambiri akhale amayi amene amatungapo, pakuti abambo lero ali pano, mawa ali ku Moatize kapena ku Johannesburg. Ndalama ya m'thumba sindidana nayo, munthu wasiya ntchito yake. Koma ikakula imaitana anthu olakwika, ndipo mfumu imayamba kukumbukira adzukulu ake onse.

Ndipo tinkabwerera. Pakatha mwezi ndinkafika osanena, n'kupempha kuti atsegule ndikuona. Manja amaiwala msanga kuposa mutu, choncho tinagwirizana kuti mjigo uzitsegulidwa pakapita miyezi ingapo ngakhale uli bwino. Lipoti langa linasiya kuwerenga anthu amene alandira zikalata, linayamba kuwerenga mijigo imene ikutulutsa madzi ndi masiku amene wowonongeka wakhala usanakonzedwe. Lipoti lotere silikoma kuwerenga ngati loyamba lija, ndipo akuluakulu ena sanalikonde.

Ndisakunamizeni kuti zonse zinayenda. Mijigo ina inafabe. Pena mphira inasowa m'masitolo onse a pafupi, pena msungichuma anadya zopereka, pena chitsime chenichenicho chinauma mu Novembala. Zimenezi si matenda ochizika ndi maphunziro, ndipo amene amaitanitsa foromasau pa vuto lililonse ali ngati munthu wopereka mankhwala a malungo kwa wothyoka mwendo. Musanaitane anthu, yambani mwafufuza ngati chasowa ndi luso, kapena chida, kapena ndalama, kapena chilungamo.

Masiku ano aphunzitsi amabwera ndi kompyuta, amaonetsa zithunzi pakhoma m'chipinda chotseka makatani, ndipo ophunzira amajambula khomalo ndi foni. Ndaonapo akuphunzitsa motero anthu osankha fodya popanda tsamba la fodya m'chipindamo, ndi anthu opopera mankhwala m'minda popanda pampu. Bolodi langa lija langovala malaya atsopano. Foni payokha ndi yabwino, ndaona mtsikana akujambula mmene amayi ake akusinthira mabushi kuti adzaonerenso akaiwala, koma anajambula ataima pa mjigo, manja ali ndi dzimbiri.

Amayi aja a funso la khasu ndiwo anali oyamba kulembedwa pa gulu latsopano la m'mudzi mwawo. Anagwira sipanala zaka zambiri, ndipo atamwalira inapita kwa mdzukulu wawo wamkazi amene ankawagwirira ndodo. Ndinaiona chaka chatha, yakuda, yosalala pogwirira.

Mnyamata wa pa msika uja ndamuuza kuti Loweruka likudzali abwere pa mjigo wa kwathu m'mamawa, chifukwa chigwiriro chayamba kugwedera ndipo amayi a komiti akufuna kusintha mabushi. Wafunsa ngati abwere ndi buku lake. Ndati abwere nalo, koma avale malaya akale.